Pulasitiki yopola yokha komanso yotheka kuipanganso: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Mangochi mafunso a pulasitiki sakutha. Ena amachokera kwa ana a sekondale amene akumana ndi mutu wa mapolima m'kalasi, ena kwa asodzi ndi eni maukonde, enanso kwa anthu amene anaona pa foni kakanema ka labala wodulidwa pakati akulumikizananso yekha. Tasonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera, kuyambira osavuta. Pamene yankho likudalira lina, tatchula nambala ya funsolo.

1. Kodi polima n'chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi pulasitiki?

Polima ndi molekyu yaitali kwambiri, yopangidwa ndi timamolekyu tofanana tolumikizana kambirimbiri. Kamolekyu ka poyambirako ndi monoma. Jumbo imene mwagulira tomato mu msika ndi polyethylene: monoma yake ndi mpweya wa ethylene wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo molekyu imodzi imakhala ndi timagawo masauzandemasauzande.

Mapolima sanayambe ndi mafakitale. Thonje, mlaza wolukira mikeka, ufa wa chinangwa, tsitsi lanu, utomoni wa mitengo ya labala ya ku Vizara ku Nkhata Bay, zonsezi ndi mapolima achilengedwe. Pulasitiki ndi polima ya m'fakitale yosakaniza ndi zinthu zina monga utoto, mankhwala ofewetsa ndi oteteza ku dzuwa.

Anthu anayamba kupanga pulasitiki asanamvetse chimene akupanga. Leo Baekeland anatulukira Bakelite mu 1907, koma mpaka mu 1920 m'pamene Hermann Staudinger wa ku Germany ananena kuti zinthuzi ndi mamolekyu aatali ngati ulusi. Anzake ambiri anamutsutsa. Mphoto ya Nobel anadzailandira mu 1953.

2. N'chifukwa chiyani ndowa yong'ambika imatheka kuwotcherera, koma tayala kapena boti la faiba ayi?

Mmisiri wa mu msika amaika kachitsulo pamakala. Kakafiira amakadutsitsa pamng'alu, n'kusungunulirapo kachidutswa ka ndowa ina, utsi wonunkha uli tolotolo, kenako amathira madzi kuti aone ngati ikudonthabe. Tayala mukalichita zomwezo limangopserera.

Ganizirani ulusi ndi ukonde. Ulusi wongounjika, wopiringizana koma wosamanga, mungathe kuusolola. Ukonde uli ndi mfundo paliponse, ndipo simungasolole ulusi wake popanda kudula. Ndowa, jumbo ndi botolo zili ngati ulusi wosamanga uja. Zikatenthedwa mamolekyu amatsetsereka, pulasitiki n'kufewa, ikazizira n'kuumanso. Gulu limeneli ndi thermoplastic. Tayala, guluu wa epoxy wa machubu awiri, matiresi a siponji ndi utomoni wouma wa m'maboti a faiba zili ngati ukonde: mamolekyu ake anamangana mpaka kalekale. Gulu ili ndi thermoset. Mu labala wa tayala, chomanga mfundozo ndi sulfure, njira imene Charles Goodyear anaipeza mu 1839. N'chifukwa chake tayala likatha timangolisema nkhwaira, chubu n'kuing'amba malegeni, palibe wolisungunula kuti apange lina.

Mfundozo ndizo zimapatsa thermoset mphamvu yopirira kutentha ndi katundu wolemera, ndipo ndi zomwezo zimailetsa kukonzeka kapena kupangidwanso. Kafukufuku yense amene tikambe m'munsimu akusaka chinthu chimodzi: mfundo yogwira zolimba pa ntchito, koma yomasuka tikafuna.

3. Nanga manambala a pansi pa botolo kapena chigubu amatanthauza chiyani?

Anayamba ku America mu 1988, ndipo amanena mtundu wa pulasitiki. Nambala 1 ndi PET, mabotolo a madzi ndi zakumwa, omwe aja amayi amagulitsiramo thobwa. Nambala 2 ndi polyethylene yolimba ya zigubu, 3 ndi PVC ya mapaipi, 4 ndi polyethylene yofewa ya majumbo, 5 ndi polypropylene ya mabeseni, mipando, zingwe ndi matumba a feteleza, 6 ndi polystyrene ya timabokosi toyera ta chakudya, ndipo 7 ndi zina zonse zotsala. Mivi itatu yozungulira nambalayo sikulonjeza kuti kuli munthu amene adzatole chinthucho.

Pomwe palibe nambala, madzi amathandiza. Dulani kachidutswa muponye mu beseni. Za nambala 2, 4 ndi 5 zimayandama, koma PET, PVC ndi nayiloni zimamira. Botolo lotseka limayandama chifukwa cha mpweya basi, likabooka limapita pansi. Choncho zinyalala zimene mwera umatayira kumtunda ndi mbali chabe ya zimene zili m'nyanja.

4. Ngati pulasitiki yambiri imasungunuka, bwanji osangoisungunula yonse n'kupanga zatsopano?

Mu 2017 Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law anawerengera pulasitiki yonse imene dziko lapansi linapanga kufika 2015, ndipo anapeza matani 8.3 biliyoni. Pa matani 6.3 biliyoni amene anali atatayidwa, 9 peresenti yokha ndiyo inapangidwanso, 12 peresenti inawotchedwa, yotsalayo ili kudzala, m'nthaka ndi m'madzi.

Zifukwa zina n'za sayansi. Mitundu ya pulasitiki sisakanikirana. PET imasungunuka pa madigiri pafupifupi 250, jumbo pa 110 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mukazisungunula pamodzi mumapeza chinthu chothetheka. Ichi n'chifukwa chakenso chigamba cha pa ndowa chimakanuka ngati mmisiri watenga pulasitiki ya mtundu wina. Komanso nthawi iliyonse imene pulasitiki yatenthedwa mamolekyu ake amaduka n'kufupika, mphamvu n'kuchepa. Utoto ndi mankhwala aja sizichoka, motero zofiira, zabuluu ndi zoyera zikakumana zimatulutsa mtundu wodera, ndipo opanga amangothiramo utoto wakuda. Beseni lakuda lotchipa lija nthawi zambiri limakhala la pulasitiki yachiwiri.

Chifukwa chachikulu kwa ife n'cha ndalama. Mafakitale a pulasitiki ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuchokera pa boma kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo lole yodzaza mabotolo osaphwanya imakhala yanyamula mphepo. Wa ku Makanjira kapena ku Namwera ulendo wake ndi wautali koposa.

5. Kodi n'zoona kuti kuli pulasitiki yopola yokha?

N'zoona. Ntchito imene inatchukitsa nkhaniyi inatuluka mu 2001 m'magazini ya sayansi ya Nature, kuchokera ku University of Illinois ku America, motsogozedwa ndi Scott White ndi Nancy Sottos. Iwo anasakaniza mu epoxy timakapisozi tating'ono kwambiri todzaza madzi a monoma yotchedwa dicyclopentadiene, n'kumwazamonso timibulu ta mankhwala oumitsa otchedwa Grubbs catalyst. Mng'alu ukamadutsa umaswa timakapisozi, madziwo n'kutsatira mng'aluwo, akakhudza mankhwala aja amauma n'kumata mbali ziwirizo. Chinthucho chinabwezeretsa mpaka 75 peresenti ya kulimba kwake popanda munthu kuchigwira.

Dziwani kuti ming'alu imene ikunenedwayi ndi yaing'ono, yosaoneka ndi maso, ya m'kati mwa chinthu momwe mmisiri sangafike. Imeneyi ndiyo imakula pang'onopang'ono mpaka phiko la ndege kapena thanki kuthyoka. Chofooka cha njirayi n'chakuti malo amodzi amapola kamodzi, timakapisozi tikasweka basi. Gulu lomwelo linadzayesa kuika timipaipi ngati mitsempha kuti mankhwala azibwera mobwereza, koma kupanga chinthu chotero n'kovuta ndi kodula.

6. Nanga labala wa m'makanema uja, wodula n'kulumikizanso ndi manja, amatheka bwanji?

Imeneyo ndi njira yachiwiri, ndipo ndi imene ife tikuona kuti ili ndi tsogolo. Mulibe mankhwala obisa. Mfundo zenizenizo ndizo zimatha kumasuka ndi kumanganso.

Mu 2002 gulu la Fred Wudl ku Los Angeles linapanga pulasitiki yolimba, yoonekera, imene mfundo zake zimamasuka pa madigiri pafupifupi 120 n'kumanganso ikazizira. Ikang'aluka mumaitenthetsa, ndipo mungatero kangapo.

Mu 2008 Ludwik Leibler ndi anzake a ku sukulu ya ESPCI ku Paris anaonetsa labala wopangidwa kuchokera ku mafuta a zomera ndi urea, mankhwala omwewo a mu feteleza wobereketsa. Mamolekyu ake ndi aafupi, ndipo amagwirana ndi mfundo zofooka zotchedwa hydrogen bond, zimene zimagwirizanitsanso mamolekyu a madzi. Mukamudula, mfundo za pa bala zimatsala zopanda mnzake. Mukakumanitsa mbali ziwirizo osatenthetsa n'komwe, zimapezananso. Pakapita mphindi zingapo labalayo amatha kukokeka, ndipo kulimba kumawonjezeka pakapita maola. Mukachedwa kulumikiza sapola bwino, chifukwa mfundo zotsala zija zimakhala zagwirana ndi zinzake za mbali yomweyo.

Kenako mu 2011 gulu lomwelo la ku Paris linatulutsa chimene ambiri amati ndicho chachikulu, vitrimer. Iyi ndi thermoset yeniyeni, monga epoxy, koma muli mankhwala othandizira a zinc amene amachititsa kuti ikatenthedwa mfundo zizisinthana malo: iyi ikamasuka apa, ina yamanga apo nthawi yomweyo. Chiwerengero cha mfundo sichichepa, choncho sisungunuka n'kuyenderera, komabe imafewa mokwanira kuti muipinde, muiwotcherere, kapena muipere n'kuiumbanso. Apa m'pamene kupola ndi kupanganso zimakumanira: mfundo imene imalola bala kutsekeka ndi yomweyo imalola chinthu chotha ntchito kusanduka china.

Kwa nthawi yaitali zopola popanda moto zinali zofewa zokhazokha. Chakumapeto kwa 2017 gulu la Takuzo Aida ku University of Tokyo linalengeza polima yolimba ngati galasi imene zidutswa zake zimagwirana mukangozipanikiza ndi zala. Anaiona mwangozi wophunzira wina amene ankafuna kupanga guluu.

7. Ndiye kuti chinthu chotero sichitha?

Chimatha. Mbali ziwiri za bala ziyenera kukhudzana, ndipo pakalowa mchenga, mafuta kapena mamba a nsomba, mfundo sizipezana. Chidutswa chikabenthuka n'kugwera m'madzi sichimeranso. Dzuwa nalo limadula mamolekyu enieniwo, osati mfundo zokha, monga limachitira ndi mpando wa pulasitiki wokhalitsa panja mpaka kuyera mbuu n'kumanyenyeka.

Vuto limene likusowetsa tulo ofufuza ndi ili: mfundo yomasuka msanga imapola msanga, koma imalolanso chinthu kupindika pang'onopang'ono chikasenza katundu. Yolimba kwambiri imafuna moto wambiri kuti ipole. Ndipo kutentha kwa m'labotale ya ku Ulaya si kwa kuno. Mu Okutobala ndi Novembala Mangochi imapitirira madigiri 35, ndipo chinthu chakuda chosiyidwa pamchenga masana chimatentha kuposa apo. Chimene chimapola bwino pa madigiri 20 chikhoza kulobodoka pa gombe la ku Malindi.

8. Kodi zilipo zimene zinafika kale pa msika?

Zilipo zochepa, ndipo zambiri n'zokutira pamwamba. Nissan inatulutsa penti ya galimoto yotseka yokha timikwingwirima mu 2005. Foni ya LG G Flex ya mu 2013 inali ndi kumbuyo kochita chimodzimodzi. Timapepala tina toteteza galasi la foni ndi penti ya galimoto timabwerera m'malo tikatenthedwa ndi dzuwa. Bala lakuya zonsezi sizilitha.

Matayala odzitseka okha a makampani monga Continental ndi Michelin ndi nkhani ina. M'kati mwake anapakamo phala lomata limene limazinga msomali ndi kutseka chibowo. Labala mwini sapola. A kabaza asataye msanga guluu ndi zigamba.

Ku mbali ya thermoset zotheka kupanganso, Siemens Gamesa inalengeza mu 2021 mapiko a makina amagetsi a mphepo opangidwa ndi utomoni umene umasungunuka mu asidi wofooka wotenthetsa, ulusi wa galasi n'kutsala wabwinobwino. Mapikowo amapangidwa mofanana ndi maboti a faiba a ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, utomoni ndi ulusi wa galasi, motero luso limeneli likadzatchipa lidzatikhudza.

9. Kodi pulasitiki ingabwezedwe poyambira penipeni, osati kungoisungunula?

Ingathe, ngati polimayo ili ndi malo odulira. Cholinga n'kuimasula mpaka ibwerere ku monoma, kusefa utoto ndi zinyalala, n'kupanga polima yatsopano yosasiyana ndi yoyamba. Mavuto a kufupika ndi kuda a pa funso 4 amathera pamenepo.

Mu 2014 Jeannette Garcia wa ku labotale ya IBM ku California anafalitsa za thermoset yolimba kwambiri imene anaipeza ataiwala kuthira mankhwala amodzi. Chotsalira m'botolo chinauma gwa mpaka anachita kuswa botololo ndi hamala, koma chinapezeka kuti chimamasuka mu asidi wamphamvu. Mu 2019 gulu la Brett Helms ku Lawrence Berkeley National Laboratory linatulutsa PDK, pulasitiki imene imabwerera ku monoma zake mu asidi popanda kuitenthetsa, ngakhale itasakanikirana ndi utoto kapena mapulasitiki ena. Mu 2021 Stefan Mecking ndi anzake ku Konstanz ku Germany anapanga pulasitiki yofanana ndi ya zigubu kuchokera ku mafuta a zomera, koma ataikamo malo odulira apo ndi apo, ndipo anabweza zoposa 96 peresenti ya zipangizo zake.

Musasokoneze izi ndi kuphika pulasitiki m'mgolo wopanda mpweya kuti itulutse mafuta. Njira imeneyo imadya nkhuni kapena magetsi ambiri, ndipo mafutawo nthawi zambiri amakawotchedwa mu injini. Pulasitiki sinabwerere, yangopsa mochedwa.

10. Tinamva za tizilombo todya pulasitiki. Bwanji osangotithira m'nyanja?

Mu 2016 akatswiri a ku Japan analengeza za bakiteriya amene anam'peza pafupi ndi malo osonkhanitsira mabotolo mumzinda wa Sakai, n'kumutcha Ideonella sakaiensis. Amatulutsa enzyme, mankhwala amene zamoyo zimagayira chakudya, yodula PET, ndipo anamaliza kapepala kopyapyala ka PET yofewa m'masabata 6 pa madigiri 30. Botolo lenileni ndi lolimba kuposa kapepalako. Mu 2020 kampani ya Carbios ya ku France pamodzi ndi ofufuza a ku Toulouse inakonza enzyme ina, yochokera mu manyowa a masamba, kuti idule 90 peresenti ya PET m'maola 10. Koma zimenezo zimachitika m'thanki ya fakitale, pa madigiri oposa 70, mabotolo atayamba aperedwa.

M'nyanja mulibe kutentha kumeneko, ndipo kuthira zamoyo zachilendo m'nyanja imene ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse, ndipo mbali yake ya ku Cape Maclear ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse kuyambira 1984, kungakhale kuputa tsoka lina. Komanso ma enzyme amenewa amadula PET, osati jumbo. Msana wa molekyu ya jumbo ndi kaboni yokhayokha, wopanda podulira.

11. Ukonde wanga ukatha, ungapangidwenso?

Mwa zinyalala zonse za pa gombe, ukonde ndiwo uli ndi mwayi waukulu. Maukonde ambiri ndi a nayiloni ya mtundu wa 6, imene imatheka kuibweza ku monoma yake, caprolactam, monga tafotokozera pa funso 9. Izi sizili m'labotale mokha. Kampani ya ku Italy ya Aquafil yakhala ikuchita zimenezi pa fakitale yake ya ku Ljubljana ku Slovenia kuyambira 2011, ndipo ulusi wake wa Econyl umapanga makapeti ndi zovala zosambira. Ntchito ya Net-Works, imene inayamba ku Philippines mu 2012 n'kufikanso ku nyanja ya Ossa ku Cameroon, inkagula maukonde akutha kwa asodzi a m'midzi, kuwatsindira m'mabelo ndi kuwatumiza ku fakitale yomweyo.

Ogula amafuna ukonde wouma, wopanda mchenga, wochotsa zingwe, zoyandamitsa ndi miyala, chifukwa zingwe zambiri ndi za nambala 2 kapena 5. Amafunanso wochuluka, wodzaza kontena, ndipo msodzi mmodzi sangaukwanitse. Pamafunika gombe lonse, kapena magombe angapo. Ife ku Mangochi pogwirira tili napo, popeza makomiti a m'magombe, a BVC aja, anayambira komwe kuno ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993.

Chimene sichifuna kudikira fakitale n'chakuti ukonde wotha usasiyidwe m'madzi. Nayiloni imamira ndipo siola msanga, choncho matchera otayika amapitiriza kukola chambo ndi kampango zimene palibe adzadye. Woipitsitsa ndi ukonde wa monofilament, wa ulusi umodzi woonekera uja, umene ndi woletsedwa m'Malawi muno. Ndi wotchipa, umang'ambika msanga, ndipo mwini saona chifukwa choutaira nthawi kuusoka. Masikito nawo si nayiloni. Ndi a polyester kapena polyethylene, ndipo ali ndi mankhwala ophera udzudzu, choncho sayenera kulowa m'nyanja kapena m'belo la maukonde.

12. Nanga majumbo olembedwa kuti amaola okha?

Funsani kuti amaolera kuti. Pulasitiki ya PLA, yopangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe, imafuna manyowa a fakitale otentha madigiri pafupifupi 60 ndi chinyezi chokwanira. M'madzi kapena mumchenga imakhala zaka. Majumbo ena ndi polyethylene wamba yothira mankhwala oti izinyenyeka msanga padzuwa. Imasowa m'maso koma tizidutswa tili pomwepo, ndipo mayiko a European Union anailetsa kuyambira 2021.

Mu 2024 gulu la Aida uja, ku bungwe la kafukufuku la RIKEN ku Japan, linalengeza pulasitiki imene imasungunuka m'madzi a m'nyanja ya mchere m'maola ochepa. Ambiri anatumizirana nkhaniyi mosangalala. Koma chimene chimamasula mfundo zake ndi mchere, ndipo nyanja yathu, Malombe ndi Shire ndi madzi opanda mchere.

13. Kodi nsomba zathu zili ndi pulasitiki m'mimba?

Tizidutswa ta pulasitiki tosakwana mamilimita 5 tapezeka m'nyanja ndi m'mitsinje yambiri pa dziko lapansi. Kufupi ndi kuno, kafukufuku wa mu 2016 ku Mwanza wa ku Tanzania pa nyanja ya Victoria anapeza pulasitiki m'matumbo a nsomba imodzi mwa zisanu zilizonse zimene anaziyeza, za mitundu ya Nile perch ndi Nile tilapia. Chambo timachitumbula, koma usipa ndi kambuzi timadya ndi matumbo omwe. Sitikunena kuti musiye usipa, umene ukulera ana ambiri m'boma lino. Ziweto ndizo zikuonekeratu: opha mbuzi amadziwa mpukutu wa majumbo umene amaupeza m'chifu.

14. Kodi kuwotcha si bwino kusiyana ndi kutaya? Nanga njerwa za pulasitiki?

Moto wa padzala sutentha mokwanira kuti upsereze pulasitiki yonse, ndipo utsi wakuda uja umakhala ndi mwaye ndi mankhwala owononga mapapo. Yoopsa kwambiri ndi PVC, mapaipi ndi makoko a mawaya a magetsi, chifukwa ili ndi chlorine. Ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi ndi poizoni wotchedwa dioxin, amene amakhalitsa m'nthaka ndi m'mafuta a m'thupi. Kukolezera mbaula ndi jumbo, tikudziwa, n'kofulumira, makamaka makala akanyowa, koma amene wawerama n'kumauzira ndiye amapuma utsi wonsewo.

Njerwa za pulasitiki ndi mchenga zimatheka. Nzambi Matee wa ku Nairobi, amene bungwe la United Nations loona za chilengedwe la UNEP linamulemekeza mu 2020, amapanga zoyala pansi mwa njira imeneyi. Ku Lamu ku Kenya komweko anakhoma ngalawa yotchedwa Flipflopi ndi pulasitiki yotola, ndipo inayenda pa nyanja ya Victoria mu 2021. Zoyenera ndi za nambala 2, 4 ndi 5, PVC isalowemo, ndipo zimafuna makina oyeza kutentha, osati mgolo pa mafuwa. Njerwayo ikamaperepeseka imatulutsabe tizidutswa ta pa funso 13.

15. Kodi lamulo la majumbo likuti chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani linasankha opyapyala?

Malamulo a mu 2015 analetsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60. Micron imodzi ndi milimita yogawa ka 1,000. Makampani anakatenga chiletso ku khoti, ndipo pa 31 Julaye 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito, ngakhale milandu ina inapitirira pambuyo pake. Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi mwa amene analimbikira nkhaniyi, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Loyang'anira lamuloli ndi bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA.

Jumbo yopyapyala imang'ambika tsiku lomwelo, imauluka ndi mphepo, ndipo ndi yopepuka moti wotola angadzaze thumba lonse osapeza ya sopo. Yochindikala imagwira ntchito kangapo ndipo ili ndi kulemera koti munthu n'kugulitsa. Pa dziko lonse, mayiko anagwirizana ku Nairobi mu 2022 kuti alembe pangano lothana ndi zinyalala za pulasitiki, koma zokambirana za ku Busan mu 2024 ndi za ku Geneva mu 2025 zinatha osamvana.

16. Zinthu zatsopanozi zidzafika liti m'magolosale athu?

Si posachedwa, ndipo sizidzayamba ndi ndowa. Polyethylene ndi polypropylene zimapangidwa matani mamiliyoni ambiri pa chaka m'mafakitale amene anabweza kale ndalama zake, pamene zambiri zimene tatchulazi zikupangidwabe pang'onopang'ono. Zidzayamba kumene kukonza chinthu n'kodula kwambiri: ndege, mapiko a makina a mphepo, mabatire, mapaipi okwirira. Kwa ife zikhoza kudzalowera mu penti, guluu ndi utomoni wokonzera maboti, mwina osazindikira n'komwe. Ndipo ngakhale PDK imafuna munthu woitola pa gombe n'kukaifikitsa kumene kuli asidi uja.

17. Ndine wophunzira ndipo ndikufuna kudzachita zimenezi. Ndiyambire pati?

Limbikirani kemisitiri, fizikisi ndi masamu pa MSCE. Maphunziro a kemisitiri ndi uinjiniya alipo ku University of Malawi ku Zomba, ku MUST ku Thyolo ndi ku MUBAS ku Blantyre, ndipo za nsomba ndi zipangizo za usodzi zili pa khomo pompano, ku koleji ya Mpwepwe. Mafunso ofufuza sasowa: ndi mapulasitiki anji amene amatsika ndi Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, ukonde umafooka msanga bwanji padzuwa la kuno, chinangwa ndi makoko a mbewu zingapange zokutira zotani.

Polima yanu yoyamba mungaipange ndi aphunzitsi anu sabata ino. Sungunulani supuni imodzi ya sitachi ya chinangwa m'masupuni anayi a madzi, thirani kasupuni kakang'ono ka viniga ndi kena ka glycerine wodzola uja, tenthetsani pa moto wochepa mukutakasa mpaka phalalo lionekere, kenako lipakeni mopyapyala pa mbale ndi kuliumitsa pa mthunzi masiku angapo. Pangani kawiri, kwinako osathira glycerine, muyerekeze kupindika kwake. Ngati mu labotale ya sukulu muli borax, sungunulani pang'ono m'madzi ofunda ndi kudonthezera mu guluu woyera wa matabwa wosukuluza. Mupeza chinthu chonanda chimene mukachidula n'kukumanitsa mbali zake chimagwirananso, chifukwa borax imamanga mfundo zomasuka za pa funso 6. Si guluu aliyense amene amalola, choncho yesani mitundu iwiri kapena itatu, ndipo musambe m'manja mukamaliza chifukwa borax si yodya.